Sukulu ya Pakhonde

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Mulanje, m'munsi mwa phiri, cha kumsewu wopita ku Muloza. Ndagwira choko zaka zoposa 20. Ana amene adutsa m'manja mwanga sindingathe kuwawerenga. Ena lero ndi anamwino, ena asilikali, ena akuthyola tiyi m'maesiteti, ndipo ndikakumana nawo pa msika wa Limbuli amapinda bondo kapena kuvula chipewa nati, "Ahedi, muli bwanji?" Chifukwa cha ulemu wotere ndinayamba kudziyesa katswiri. Koma nkhani imene ndifuna kukusimbirani, inu abale anga amene mwangodziwa kumene kuwerenga, ndi ya m'mene katswiriyo analepherera kuphunzitsa ana obala yekha, pakhonde la nyumba yake.

Mukumbukira nonse chaka cha 2020. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndi kuti sukulu zonse zitsekedwe kuyambira Lolemba pa 23. Nthendayo inali isanapezeke n'komwe m'Malawi muno, pakuti odwala oyamba anadziwika pa 2 Epulo. Tinabalalitsa ana tikuganiza kuti tidzaonananso pakapita masabata awiri kapena atatu. Sitinadziwe kuti a Sitandade 8 adzakhala kunyumba miyezi isanu ndi theka, ndi kuti ang'onoang'ono adzatha pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri osaona bolodi. Misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwanso, kotero kuti kumpingo kwathu Sande sukulu inaima, ndi kalasi yomwe.

Tsono taonani. Ntchito ziwiri zimene ndinali nditatuma ena zinabwerera pakhomo panga tsiku limodzi. Pobatizitsa ana anga ndinaima pamaso pa mpingo ndi kulonjeza kuti ndidzawalera m'chiphunzitso cha Mulungu; koma kunena zoona, lonjezo limenelo ndinalisenzetsa aphunzitsi a Sande sukulu. Za kuwerenga ndi masamu ndinasenzetsa aphunzitsi anzanga. Ine ndinali kungosaina malipoti ndi kufunsa kuti, "Wakhala nambala chani?" Buku la Deuteronomo, pa mutu 6, limaika ntchito yophunzitsa ana m'manja mwa makolo, m'nyumba mwawo momwe, ndipo mutu umenewo ndinali nditaulalikirapo pa mapemphero a mlaga, pakuti ndine mkulu wa mpingo. Kulalikira kunali kosavuta.

Ana anga ndi atatu. Wachisamba ndi mtsikana, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 14 ndipo anali mu Sitandade 8. Wachiwiri ndi mnyamata, wa zaka 9, wa mu Sitandade 3. Wotsiriza ndi kamtsikana ka zaka 4. Sabata loyamba lomwelo ndinalemba ndondomeko ya maphunziro ndi kuimata pachitseko. Ndinatenga kabolodi ku ofesi, ndinapachika khasu lakutha pa mtengo wa mapeyala kuti likhale belu, ndipo ndinalamula kuti 7 koloko ikakwana aliyense akhale ali pakhonde atasamba. Mayi a ana anayang'ana zonsezi osanena kanthu. Pomaliza anangofunsa kuti, "Nanga madzi atunga ndani?"

Funso limenelo ndinaliyesa lachabe, koma ndilo linagwetsa ndondomeko yanga. Pakhomo si pasukulu. Pasukulu belu likalira zonse zimaima. Pakhomo nkhuku sizimva belu, mbuzi ya mnansi siimva belu, ndi mzere wa pamjigo womwe. Inalinso nyengo yokolola, ndipo chimanga sichidikira kuti utsirize phunziro la Chingerezi. Alendo nawo, poona kuti ahedi ali pakhomo, ankabwera m'mawa uliwonse, wina kuti ndimulembere kalata, wina kudzangocheza za chisankho cha pulezidenti chimene khoti linalamula kuti chichitikenso. Ndipo pali chinanso chimene sanatiphunzitse ku koleji ya aphunzitsi: mwana amene amakuona ukutsuka m'kamwa m'mawa, utavala kabudula wong'ambika, sangakuope monga aopera ahedi a tayi. Ndikakweza mawu wamng'onoyo ankaseka, nabwera kudzakhala pamiyendo panga.

Zimenezo zinali zazing'ono. Chachikulu ndinachipeza m'sabata lachitatu. Ndinapatsa mnyamata buku lake la Chichewa kuti awerenge, ndipo anawerenga tsamba lonse mosadodoma, ngati madzi a mu Ruo. Mtima wanga unakondwa. Koma pomuyang'anitsitsa ndinaona kuti maso ake sali pa malemba, ali pa chithunzi. Ndinaphimba chithunzicho ndi dzanja, ndi kuloza liwu limodzi pakati pa tsamba. Anakhala chete. Ndinaloza lina. Chete. Ndinalemba pabolodi "bala" ndi "dala", ndipo kwa iye mawu awiriwa anali amodzi. Mwana wa mphunzitsi wamkulu, wophunzira pa sukulu ya bambo wake yemwe, anafika Sitandade 3 osadziwa kuwerenga.

Musafulumire kudzudzula mphunzitsi wake, pakuti ine ndidziwa m'mene zimachitikira. Pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale m'chaka cha 1994, ana a sukulu m'dziko muno anachuluka m'chaka chimodzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu. Ine ndinali mu Sitandade 7, ndipo ndinaona anzanga amene anathamangitsidwa kale chifukwa cha fizi akubwerera. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo m'makalasi ang'onoang'ono mphunzitsi mmodzi amatha kuima pamaso pa ana oposa 100. Iye akawerenga mzere, ana onse amabwereza pamodzi. Mwana wa khutu lakuthwa amaloweza zonse monga nyimbo, nabisala m'mawu a anzake monga mlamba m'thope. Wangayo anabisala chomwecho zaka zitatu, ndipo malipoti ake onse ndinasaina ndine.

Chimene ndinachita ndichita nacho manyazi, koma ndichilemba. Ndinathyola kanthambi ka bulugama ndi kumukwapula. Kusukulu boma linaletsa chikoti, ndipo ine ndemwe ndadzudzulapo aphunzitsi mu ofesi yanga pa mlandu womwewo. Koma pakhonde panga panalibe wondidzudzula. Ndinadzinamiza kuti ndikutsata chilangizo cha m'buku la Miyambo. Koma lero ndikaganiza bwino ndiona kuti sindinamukwapule chifukwa cha ulesi, pakuti sanali waulesi. Ndinamukwapula chifukwa cha dzina langa. Ndinali kuopa kuti anthu akamva adzati chiyani. M'mawa mwake khasu litalira mwanayo sanaoneke, ndipo tinam'peza masana atabisala m'nthochi kuseri kwa bafa. Tsiku lotsatira anakhala pakhonde, koma lilime lake linamangika, kotero kuti ngakhale zilembo zimene ankazidziwa anaziiwala.

Usiku umenewo ndinatsogolera mapemphero monga mwa masiku onse, koma mawu anali kundikakamira pakhosi. Ndinakumbukira kuti Paulo, m'kalata yake ya kwa Aefeso, atalangiza ana za kumvera, anatembenukira kwa atate nawachenjeza za kuputa mkwiyo wa ana awo. Theka loyamba la malangizowo ndinkalidziwa pamtima, lachiwirilo ndinkalilumpha. Ana atagona, mayi awo anati, "Abambo ake, mnyamatayu mundipatse ine mwezi umodzi. Inu mugwire wamkuluyo."

Ndiyenera kukuuzani za mayi amenewa, pakuti ndi anzanu. Iwo anasiyira sukulu mu Sitandade 2, nthawi ya fizi ija. Ndalama kwawo zinkakwanira mwana mmodzi, ndipo anapitiriza ndi mlongo wawo wamkulu. Iwo anatsala pakhomo kulera ang'ono awo pamene mayi awo anali kuthyola tiyi. Fizi itachoka anali atasinkhuka, ndipo anachita manyazi kukakhala pansi pamodzi ndi tiana. Tinakwatirana asanadziwe kulemba dzina lawo, ndipo m'kaundula wa ukwati anadinda ndi chala. Zaka zonse zotsatira ine, mphunzitsi, sindinakhale nawo pansi ndi tsiku limodzi lomwe kuti ndiwaphunzitse. Ndinkangowawerengera makalata ndi mapepala a kusikelo, ndikumadziyesa mwamuna wothandiza. Anadzipitira okha ku sukulu ya kwacha m'chaka cha 2018, atakokedwa ndi anzawo a Mvano. Ankaphunzira masana pansi pa mtengo, atatsiriza ntchito za pakhomo. Pofika 2020 ankawerenga, koma pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, milomo ikugwedera. Tsono munthu wotereyu ndiye anali kupempha ntchito imene inakanika ine wa satifiketi. Ndinavomera posowa chonena, koma mumtima ndinaseka.

Sanayambe ndi buku. Masiku atatu oyamba sanatchule za kuwerenga n'komwe. Anangomutenga kumunda nakamuotchera mbatata. Tsiku lachinayi ndinawamva kukhitchini akuti, "Iwe, tabwera undithandize. Chilembo ichi ine chimandisokoneza. Mimba yake ili kutsogolo kapena kumbuyo?" Ndinasuzumira. Anali atathira ufa pang'ono m'lichero, nausalaza, ndipo anali kulembamo ndi chala. Mwanayo anati sadziwa. Iwo anati, "Inenso ku kwacha chinandivuta miyezi iwiri, mpaka ndinalira. Tiye tichipeze tonse." Anagwirizana kuti "b" ali ngati bambo wonenepa amene mimba yake yatsogola, ndi kuti "d" ali ngati dona wobereka mwana kumbuyo. Akalakwitsa ankangogwedeza lichero, cholakwacho n'kufafanizika, osasiya chizindikiro chofiira monga chichitira cholembera changa.

Kuchokera pamenepo anapita ku maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu, kenaka da, de, di, do, du. Chichewa chathu chili ndi mwayi uwu, kuti liwu limalembedwa monga limvekera, ndipo munthu akagwira a, e, i, o, u ndi kudziwa kuwaphatikiza ndi zilembo zina, wagwira mfungulo ya buku lililonse. Izi ndinkazidziwa, ndipo ndaziphunzitsa aphunzitsi atsopano kambirimbiri. Chimene ndinali nditaiwala ndi kuwawa kwa kusadziwa. Ine ndinadziwa kuwerenga ndili ndi zaka 7, ndipo mdima umene ndinachokamo sindiukumbukiranso. Iwo anali atangotulukamo, ndipo ankadziwa pamene pali chitsa chilichonse m'njiramo. Mwana akaima, ine ndinkaona mwano. Iwo ankaona chitsa chimene chinawapunthwitsa iwo omwe chaka chatha.

Anawerenga naye zonse zopezeka pakhomo: thumba la feteleza, pepala la sopo, dzina la pa njinga, chikwangwani cha kuchigayo. Masamu anachita ndi nandolo ndi zitsekerero za mabotolo. Analibe ndondomeko ya pachitseko. Phunziro linkachitika poyembekeza kuti madzi a nsima awire, ndipo madzi akawira linkatha. Ine ndinkaona ngati nthawiyo njochepa, koma mwana wa zaka 9 mphindi 15 zimam'kwanira, makamaka zikabwera katatu pa tsiku.

Pambuyo pake Unduna wa Maphunziro unayamba kuulutsa maphunziro pa wailesi ya MBC. Ife tinali ndi mwayi pokhala ndi wailesi ya sola. Mabanja ambiri otizungulira analibe, kapena anali nayo yopanda mabatire, kapena bambo ankapita nayo ku bawo. Ndinaonanso kuti wailesi imathandiza pokhapokha pali munthu wamkulu pambali pa mwana, pakuti wailesi siona ngati mwana wagona. Tinaitana ana anayi a anansi kuti azidzamvera nafe, atasamba m'manja ndi sopo, atakhala motalikirana pabwalo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Madzulo tinasintha mapemphero. Kale ndinkawerenga ndekha, kumasulira ndekha, kupemphera ndekha, ena onse n'kungoti ameni, ena ali kale m'tulo. Tsopano Baibulo linayamba kuzungulira, aliyense ndime imodzi. Tili ndi Buku Lopatulika lakale limene anandisiyira bambo anga, kumasulira kuja kumene kunatuluka m'chaka cha 1922, kumene a William Murray a ku Nkhoma anagwirapo ntchito yaikulu pamodzi ndi anzawo. M'buku lakalelo "ch" analembedwa "c" yekha, kotero kuti mwana ankaona "cifukwa" nadabwa, ndipo mawu ena ngolemera kwa ana a lero. Tinaliika pambali ndi kubwereka Buku Loyera, limene linatuluka m'chaka cha 1998. Bambo anga akanadandaula, koma ana anamva. Tinayamba ndi Marko, chifukwa nkhani zake nzazifupi ndipo zimathamanga. Mayi akamawerenga ndime yawo mochedwa, ndinaphunzira kutseka pakamwa panga, osawatsogolera mawu. Ndipo ndikuuzani, imeneyo inali ntchito yolemetsa koposa kugalauza.

Usiku wina kumapeto kwa Meyi mnyamata uja anapempha kuti buku lisamudumphe. Anawerenga ndime ya mizere iwiri, ndipo inamutengera nthawi yokwanira kuphika tiyi. Tonse tinakhala zii mpaka anatsiriza. Usiku womwewo ndinamupepesa pamaso pa onse chifukwa cha chikoti chija. Kwathu kuno bambo sapepesa mwana, ndipo mawuwo anatuluka mokhotakhota, koma anatuluka.

Tsono tibwerere kwa wamkulu uja, amene anasiyidwa m'manja mwanga. Iye anali wanzeru, ndipo ndinali nditaika mtima wanga wonse pa mayeso ake a Sitandade 8, amene bungwe la MANEB limalembetsa. Mapepala ake ndi asanu ndi limodzi, ndipo onse kupatula la Chichewa amafunsidwa m'Chingerezi. Ndinkafuna kuti asankhidwe ku sekondale ya boma yogonera konko. M'mawa uliwonse ndinkamupatsa mafunso a mayeso akale, iye n'kuyankha, ine n'kuchonga. Koma miyezi itapita, tsiku la mayeso lisakudziwika, ndinaona kuti wayamba kuzizira. Tsiku lina anandifunsa, "Ababa, kodi sukulu zidzatsegulidwanso?" Ndinayankha mwaukali kuti imeneyo si nkhani yake, nkhani yake ndi kuwerenga. Sindinamve chimene chinali kuseri kwa funsolo. Malikisi ake onse ndinkawadziwa pamtima, koma sindinkadziwa amene ankacheza naye panjira ya kumsika, kumene tinkamutuma kukagulitsa mandasi.

Mu Julayi mayi ake, posesa m'chipinda, anaona kapepala katagwa m'kope la mwanayo. Zikanakhala zaka ziwiri m'mbuyomo akanakabwezera m'kopemo osadziwa kanthu, kapena kukolezera moto. Koma anakhala pamphasa nakawerenga, chala pa mzere. Inali kalata ya mwamuna wina wamkulu ndithu, wa njinga yamoto, amene anali atangobwera kuchokera ku Johannesburg. Anali kumulonjeza foni ndi nyumba ya malata, namuuza kuti za sukulu zatha, sizidzatsegulidwanso. Anatchulanso tsiku loti akakumane pa mtsinje wa Muloza kuti awolokere ku Milange, m'dziko la Mozambique, kumene kunali abale ake. Tsikulo linali Loweruka la sabata lomwelo.

Atandionetsa kalatayo ndinapsa mtima kwambiri, ndipo ndinanyamuka kuti ndikathyolenso kanthambi. Iwo anaima pakhomo nati, "Abambo ake, mukam'menya lero, Loweruka apita ndithu." Ndinakhala pansi. Anamutenga mwanayo kupita naye kumtsinje kukachapa, ndipo anakhalako kufikira dzuwa litapendeka. Zonse zimene anakambirana sanandiuze, ndipo sindinafunse. Ndingodziwa kuti anamusimbira za tsiku lija anadinda ndi chala m'kaundula, anthu akuyang'ana, ndi za zaka zonse zimene ankayenda ndi kalata kunsonga ya chitenje kudikira kuti wina awawerengere. Anabwerako onse maso ali psuu.

Nkhani siinathere pomwepo, pakuti mwamunayo anali atafika kale kwa atsibweni a mwanayo, mlongo uja wa mayi ake. Kuno kwathu, mwa mwambo wa Alhomwe ndi Amang'anja, mwini mbumba ndi atsibweni. Bambo ndi mkamwini chabe, ngakhale akhale ahedi. Alamu angawo si munthu woipa. Anali ataona atsikana angapo m'mudzi akutenga mimba zopanda mwini, ndipo anati kuli bwino mwana alowe m'banja mwaulemu kusiyana ndi kudzatichititsa manyazi. Ine ndinayamba kuwawerengera malamulo: kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndi kuti m'chaka cha 2017 aphungu anakonza malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo atavomera, mwana wosafika zaka zimenezo asalowe m'banja. Zonsezo nzoona, koma ndinazinena ndi mawu a pa asembule, ndipo iwo anayankha kuti, "Alamu, malamulowo mukawerengere ana a sukulu." Amene anawagonjetsa ndi mlongo wawo. Anangoti, "Achimwene, fizi itachepa pakhomo pathu anapitiriza sukulu ndinu, ine ndinatsala. Sindinadandaulepo ndi kamodzi komwe. Lero ndikupempha kuti ngongole imeneyo mubwezere mwana wangayu." Alamu anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anatuma mnyamata kukabweza shuga ndi nsalu zimene anali atalandira.

Kuyambira pamenepo mapepala a mayeso akale ndinawachepetsa. Mandasi ndinayamba kupita nawo ndekha kumsika pa njinga, anthu akuseka kuti ahedi asanduka a geni. Mtsikanayo tinamupatsa ana anayi aja kuti aziwaphunzitsa wailesi ikatha, ndipo ndinadabwa kuona kuti masamu amene ankamuvuta anamulowa bwino atayamba kuwafotokozera ena. Madzulo ena ndinkayenda naye kupita kudimba, popanda buku, ndi kumulola kuti alankhule. Ndinamva zambiri zimene sindinkadziwa za mwana wanga, ndi zina zokhudza ine zimene sizinandikomere.

Sukulu zinatsegulidwa pa 7 Sepitembala kwa a Sitandade 8, ndipo ena onse anabwerera pa 12 Okutobala. Ndinaitana mayina a m'kaundula, ndipo mayina ena a atsikana sanayankhidwe. Limodzi linali la mnzake wa mwana wanga, amene ankakhala naye desiki imodzi ndi kuimba naye kwaya. Kafukufuku amene boma linachita chaka chomwecho anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. Kuyambira m'chaka cha 1993 boma limalola mtsikana kubwerera ku sukulu akachira, ndipo tinayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi gulu la amayi a pasukulu kukumbutsa makolo zimenezi. Ena anabwerera, ena ayi. Sindingathe kunena kuti ine ndinali kholo labwino koposa makolo a atsikana amenewo. Ambiri a iwo ndi anthu opemphera, okonda ana awo. Kusiyana kwake kunali kapepala kamodzi, ndi munthu wodziwa kukawerenga.

Mwana wanga analemba mayeso patangopita masabata ochepa. Anakhoza, koma sanasankhidwe ku sekondale yogonera konko monga ndinkafunira. Dzina lake linatuluka pa sekondale yoyendera ya m'dera lathu lomwe. Ine ndinakhala ndwii tsiku lonse. Mayi ake analulutira mpaka anansi anabwera kudzafunsa. Anayenda pansi zaka zinayi, mvula ndi chiperoni, ndipo analemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2024.

Mu Januwale 2021 nthenda inakulanso, ndipo sukulu zinatsekedwa masabata ena angapo. Khasu lija sindinalipachikenso. Kenaka mu Malichi 2023 kunadza namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osaleka, Napolo anatsika m'mapiri ndi miyala ndi mitengo, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Sukulu zinatsekedwanso, ndipo zipinda za sukulu yathu zinasanduka msasa wa mabanja amene nyumba zawo zinagwa. Madesiki tinawaunjika pakona, anthu nagona pansi.

Tsiku lina m'mawa, ndikudutsa ndi makiyi kuseri kwa chipinda cha Sitandade 1, ndinapeza mayi a ana atakhala pa njerwa pamodzi ndi amayi asanu a mumsasamo. Mmodzi, wachikulire ndithu, anali atadandaula kuti polandira ufa anzake akulemba mayina, iye akudinda ndi chala. Ufa wolembamo panalibe, pakuti unali wochepa ngakhale wa phala. Anali kulemba ndi timitengo pa matope amene madzi anasiya. Ndinamva akuitana mnyamata uja, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 12, nati, "Iwe, tabwera uwaonetse agogo bambo wamimba uja ndi dona wobereka." Ndinabwerera ku ofesi ndi kutenga bokosi la choko. Atandiona anati, "Choko sungani, abambo ake, matope ngambiri. Koma ngati muli ndi nthawi khalani pansi, mugwire awiri awa, ine ndigwire atatuwa."

Ndinaika makiyi m'thumba, ndinakoka njerwa, ndipo ndinafunsa mayi woyamba dzina lake.